Wotchi Yomvera Mtima wa a Mdeza

Alinane Mdeza ankalipidwa chifukwa chomvetsera. Kwawo ku Luchenza ukawauza anthu zimenezi ankangoseka n'kufunsa ngati ku Mangalande kwatha ntchito zenizeni, koma ndi mmene zinalili. Mumzinda wa Hull, kumene mphepo imakupeza m'mafupa ngakhale utasanjikiza majekete, munali kampani ina yosamalira makina opanga magetsi ndi mphepo, aja oima kutali m'nyanja yamchere. Pa makina aliwonse anamatapo tizipangizo tomva kunjenjemera, ndipo tinkatumiza manambala kumtunda osapuma. Ukawajambula pa kompyuta manambalawo, unkangoona mzere wokhotakhota ngati papalasa nkhuku. Ntchito ya Alinane inali kulemba mapulogalamu omasula mzere umenewo.

Njira yake amaitcha ya Fourier. Amati chinthu chilichonse chokwera ndi kutsika, kaya chioneke chosokonekera chotani, ndi mafunde angapo osanjikizana: lina lalitali ndi lochedwa, lina lalifupi ndi lofulumira, lililonse lobwereza pa nthawi yakeyake. Pulogalamu imawalekanitsa mafundewo n'kukuonetsa kuti ili ndi la mapiko, ili ndi la giyabokosi, ndipo kafunde kachilendo aka ndi beringi yomwe yayamba kudyeka. Zotsala, zosabwereza, amazitcha phokoso ndipo amazitaya.

Kwawo konse amene anaimvetsa msanga ntchitoyi ndi bambo ake okha, a Hudson Mdeza, telala wa pakhonde la sitolo komanso woyimbitsa kwaya kutchalitchi. "Ndiye kuti watengera ine," anatero pafoni. "Kwaya yonse ikuyimba, ine n'kumva kuti wina wa alito watsika." Kuyambira pamenepo aliyense wobwera kudzasoketsa zipi ya thalauza ankachoka atamva kuti mwana wa a Mdeza amayimbitsa makina a azungu. Munthu wofulumira ankanong'oneza bondo kuti walakwiranji kufunsa za ana.

A Mdeza anali ndi ana awiri okha, onse aakazi, Alinane ndi mng'ono wake Edwina. Alinane anali uja wa masamu, wosachedwa kukwiya, amene ankatsutsa aphunzitsi pabolodi n'kukwapulidwa chifukwa cholondola. Anapita kusekondale atavala yunifolomu yosokedwa pakhonde lomwelo, kenako kukoleji ku Blantyre, kenako anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Leeds. Pabwalo la ndege anthu anaimba, amayi ake anavina mpaka mpango kugwa. Palibe anakumbuka kuti walira mvula walira matope.

Matopewo sanachedwe. M'nyengo yake yoyamba yozizira, mayeso ali pakati, amayi ake anamwalira. Maliro anawaonera pafoni ya msuweni wake, yomwe inkaima n'kuyambanso, ikumuonetsa mapazi a anthu ndi fumbi, ndipo batire linatha bokosi lisanatsikire m'manda. Anakhala pabedi m'kachipinda ka ana asukulu atagwira foni yakuda bii. Kulira analira, koma chimene chinamukhalira pamtima ndi manyazi. Analumbira kuti bambo ake sadzapita choncho. Kaya zivute zitani, adzakhalapo, adzawagwira dzanja akadali ofunda.

Atapeza ntchito ku Hull anapita kwawo kukacheza, ndipo anapeza bambo ake akupuma movutika akangokwera masitepe a khonde. Kuchipatala anati mtima wafooka, azimwa mankhwala moyo wawo wonse. Alinane, monga munthu wa manambala, sanakhutire ndi mawu akuti "akupezako bwino" amene achibale amakupatsa ngakhale munthu akutsirizika. Anagula mawotchi awiri ofanana, aja omva kugunda kwa mtima ndi kuyenda kwa munthu. Ina anavala yekha, ina anawamanga bambo ake pamkono, n'kuilumikiza ku foni ya Edwina, amene ankakhala nawo pakhomo uku akuphunzitsa pasukulu ya mkaka.

"Musamaivule, ababa. Ngakhale pogona."

"Ndiye ndamangidwa unyolo ndi mwana wanga yemwe," anatero a Mdeza, koma wotchiyo anaipukuta ndi kansalu n'kukwinya malaya kuti ioneke.

Atabwerera ku Hull analemba pulogalamu yake m'chinenero cha makompyuta cha Python, yofanana ndi ya kuntchito, koma yomvetsera mtima wa munthu mmodzi. M'mawa uliwonse, tiyi ali m'manja, kunja kukadali chisisira cha ku Hull chosadziwika ngati kwacha, ankaiyatsa. Funde la tsiku linkaoneka bwino: mtima kukwera dzuwa likatuluka, kutsika pogona. Funde la sabata linaliponso, lokhala ndi nsonga Lachitatu ndi Loweruka, masiku amene a Mdeza ankapalasa njinga kukwera chitunda cha kutchalitchi kukayimbitsa kwaya. Ndipo panali phokoso lambiri, pakuti mtima wokalamba umapunthwa, umadumpha, umathamanga popanda woupirikitsa. Akulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Alinane ankati chimaimba, kungoti anthu alibe makutu, ndipo iye anali nawo.

Zaka zinapita, nthawi inakwana yopempha chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Lamulo lake ndi louma ngati chikonyo: ukapereka pempho, udikire uli momwemo. Ukatuluka yankho lisanabwere, pempholo amaliyesa kuti walitaya wekha. Viza yakale ya Alinane inatha ali pa mzere wodikira, choncho kutuluka kunali kutaya ntchito, nyumba ndi khomo lobwererapo. Apa ndi pamene anachita chinthu chimene mwana aliyense wolera bwino amachita, ndipo chinali cholakwa. Anawafotokozera bambo ake zonse, mwatsatanetsatane, kuti amvetse chifukwa chake sabwera pa Khirisimasi.

"Ndiye ukhale phee," anatero a Mdeza. "Usagwedezeke mpaka pepala lituluke. Ine ndili gwa."

Ndipo zinaoneka kuti analidi gwa. Patangopita milungu yochepa manambala anayamba kukoma. Mtima unakhazikika. Kupunthwa kuja kunachepa, kenako kunatheratu. Funde la tsiku linasalala, nsonga za Lachitatu ndi Loweruka zinaima chilili, chitunda chikukweredwa mofulumira kuposa kale. Alinane anati mankhwala agwira. Anapereka umboni kutchalitchi cha Amalawi ndi Azambia chomwe chinkakumana mu holo yobwereka, anthu anaomba m'manja, ndipo iye anagona tulo tabwino kwa nthawi yoyamba chimwalirire amayi ake.

Ankakhala nyumba imodzi ndi a Tereza, mayi wa ku Ntcheu wosamalira okalamba, amene ankabwera kuchokera kushifiti mapazi atatupa koma pakamwa pali bwinobwino. Alinane anawaonetsa laputopu.

"Onani, anti. Mtima wa mnyamata weniweni."

"Mulungu ndi wabwino," anatero a Tereza akuvula nsapato. "Koma nkhope wawaona liti?"

Nkhope anali asanaione kwa nthawi ndithu. Akaimba foni ya vidiyo, Edwina ankati magetsi azima, m'nyumba muli mdima. Tsiku lina netiweki ikuvuta. Tsiku lina ababa ali kukwaya, ndipo Alinane akayang'ana pa kompyuta ankaonadi mtima ukukwera chitunda. M'malo mwake kunkabwera timauthenga ta mawu, tatifupitifupi. "Alinane, ndadzuka bwino. Ugwire ntchito." Basi. Munthu amene kale ankatha bandulo yonse pofotokoza za alito ndi besi tsopano ankalankhula ngati mawu akugulitsidwa. Alinane anati ukalamba umachepetsa nkhani.

Kuntchito anaonetsa David, mnzake wa desiki yoyandikana nayo, mzungu wa komweko wodya masangweji a mtundu umodzi chaka chonse. David anayang'ana nthawi yaitali.

"Zayera kwambiri," anatero. "Makina akale akandipatsa mzere woyera chonchi, ine sindisangalala. Ndimatuma munthu akaone ngati kachipangizo kakadali pamalo pake."

"Awa si makina, ndi bambo anga," anayankha Alinane mokalipa, ndipo David anapepesa n'kubwerera ku sangweji yake. Munthu akafuna kukhulupirira chinthu, ngakhale wa masamu, amatseka makutu ndi manja onse awiri.

Pempho lija linali zii. Mwezi unatha, wina unatha, masamba a mitengo anagwa, kunja kunayamba kuda anthu asanaweruke. Njira ya Fourier ili ndi khalidwe lake: funde lochedwa silioneka mpaka utasonkhanitsa manambala a nthawi yaitali, kuti libwereze kangapo. Ndiye m'mawa wina, pakati pa funde la tsiku ndi la sabata amene anawazolowera ngati abale ake, Alinane anaona kansonga katsopano kumapeto kwenikweni, kumene kumakhala mafunde aatali. Kanali kakang'ono koma koima bwino. Mtima wa bambo ake pogona unkakwera pang'ono kwa masiku angapo, n'kutsikanso, ndipo unkachita zimenezi pafupifupi mwezi ndi mwezi.

Zifukwa anazipeza msangamsanga, pakuti anali wanzeru. Mankhwala amakatenga kuchipatala pamwezi, mwina akamatha amachepetsa. Kapena ndi kumapeto kwa mwezi, pamene anthu alandira ndipo telala amapanikizika. Koma nsongayo sinkagwa pamapeto a mwezi. Inkasuntha pang'onopang'ono, ikubwera msangako mwezi uliwonse. Alinane anaganiza kuti mwina walakwitsa yekha polemba pulogalamu.

Loweruka m'mawa, a Tereza ali kushifiti, anakhala patebulo la kukhitchini kuti aiyese. Njira yoyesera ndi yodziwika: ipatse manambala ena amene ukuwadziwa bwino, uone ngati ibweretsanso chachilendocho. Manambala amene anali nawo pafupi anali a wotchi yake yomwe. Anawalowetsa, n'kudina.

Kansonga kaja kanatuluka, pamalo pomwepo.

Anayamba kuseka, kuti eya, ndagwira cholakwika. Kenako anayang'ana masiku amene funde lake linkakwera ndi kutsika, ndipo kuseka kunamuthera pakhosi. Masikuwo ankawadziwa. Mkazi aliyense amawadziwa ake. Mtima wa mkazi pogona umakwera pang'ono akamayandikira kumwezi, n'kutsika akayamba kusamba. Pulogalamu sinalakwe chilichonse. Inali ikumuuza mwaulemu kuti mtima umene wakhala akuupatsa moni m'mawa uliwonse, umene anauperekera umboni pamaso pa mpingo, ndi wa mkazi wachitsikana.

Anadula manambala a wotchi ya bambo ake m'zigawo kuti aone pamene fundelo linayambira. Zaka zoyamba zija kunalibe. Linayamba patangopita milungu yochepa atawauza bambo ake za lamulo lija.

Anaimba foni. Edwina anayankha mwansangala yokonzekera.

"Achemwali! Ababa angotuluka kumene, apita kukwa..."

"Kweza mkono ndiuone."

"Netiweki lero ndiye..."

"Edwina. Yatsa vidiyo, ukweze mkono wako wamanzere."

Vidiyo sinayake. Kenako kunamveka kulira kwa munthu amene wasenza katundu nthawi yaitali ndipo wauzidwa kuti atule.

"Inasiya kuwakwana, achemwali. Anatupa miyendo, kenako manja. Lamba anayamba kuwadula. Nditaivula anati ndivale ine, tsiku limodzi lokha, kuti musadabwe. Kenako anati mawanso."

"Ndiye chitunda chija?"

"Ndimapalasa ndine. Lachitatu ndi Loweruka. Ndimakafika patchalitchi, ndimakhala panja mpaka kwaya ithe, n'kubwerera. Anati mukaona kuti sakupita kukwaya mudzadziwa."

"Iwe ndiwe mfiti? Miyezi yonseyi ukundiseka?"

"Kukusekani?" Mawu a Edwina anauma mwadzidzidzi. "Ndimawasambitsa ndine. Ndimawatembenuza ndine. Ntchito ndinasiya. Ndikatha zonsezo ndikwere njinga kuti inu kumeneko mugone bwino. Anandilumbiritsa, achemwali. Anati Alinane akataya pepala chifukwa cha ine, ndidzafa kawiri. Inu mukanawakanira?"

Yankho Alinane ankalidziwa. Sakanawakanira. Pakhomo pawo mawu a bambo sankabwezedwa, ndipo kubisira wapaulendo matenda anthu amakuyesa chikondi. Iye yemwe anawabisirapo zambiri: kuzizira, kusungulumwa, mawu achipongwe a m'basi. Onse ankanamizana mokoma mtima, kungoti bodza la bambo ake linali ndi manambala.

"Ndiwaone," anatero.

Vidiyo inayaka bwinobwino, netiweki yosavuta konse. Edwina analowa kuchipinda. A Mdeza anali atatsamira mapilo, chifukwa chogona chagada sankathanso kupuma. Nkhope inali itafufuma mpaka maso kuchepa, milomo yotuwa, ndipo anali atafunda bulangete masana dzuwa likuswa mtengo. Ataona foni anayesa kukonza kolala ya malaya.

"Wagwidwa, Edwina," anatero, akupuma pakati pa mawu. "Ndinakuuza... uzipalasa pang'onopang'ono... ngati nkhalamba."

"Ababa, mwandinamiza."

"Ndakusungira... chako. Pepala latuluka?"

"Ayi."

"Ndiye ukhale." Anatseka maso, n'kuwatsegulanso, ndipo munali kachidwi kaja ka kale. "Koma tandiuza... makina akowo... adziwa bwanji?"

Ntchito yabwino koposa imene Alinane anagwirapo m'moyo wake inali imeneyi, ndipo munthu yekhayo amene akanainyadira anali akufunsa. Koma mwana wamkazi sanena za kumwezi kwa bambo ake, ngakhale zake, ngakhale za mng'ono wake, ngakhale bamboyo ali pa mphasa ya imfa. Edwina anayang'ana pansi.

"Angondiuza, ababa."

"Ochenjera," anatero a Mdeza.

"Ndikubwera."

"Ukabwera... udzandipeza ndakwiya."

"Ndikupezeni mwakwiya momwemo."

Chifuwa chinawagwira a Mdeza, foni inagwedezeka, inaonetsa denga, ndipo Edwina anati aimbanso.

Alinane sanakhale pansi kuti aganize, chifukwa akanaganiza akanaona zonse zimene akutaya: zaka za kuzizira, desiki yake, mankhwala a bambo ake omwe ankachokera m'ntchito yomweyo. Anaziona ndithu, koma ngati mmene umaonera nyumba za m'mbali mwa msewu basi ikuthamanga. Ndege yapafupi yomwe anapeza inali yonyamuka ku Manchester Lolemba m'mawa. Anagula tikiti. Analembera abwana ake mawu ochepa. A Tereza atabwera madzulo n'kumva, anakhala pampando osavula ngakhale jekete.

"Ukudziwa kuti ukatuluka sakulowetsanso?"

"Ndikudziwa, anti."

"Chabwino. Ndipatse nambala ya mng'ono wakoyo, ndizimva za ulendo wako."

Edwina anali ataivula wotchi ija, ndipo pa kompyuta mzere unangoima pamene anaivulira. Alinane anaiyatsabe Lamulungu m'mawa, mwa chizolowezi, n'kupeza poyera. Kwa zaka anali asanadzukepo osadziwa kanthu za mtima wa kwawo, woona kapena wabodza, ndipo mantha amene anamugwira anali a mwana wosiyidwa pamsika. Anaimba foni, sinayankhidwe. Anaimbanso. Patapita nthawi kunabwera uthenga wolemba: "Akupuma. Tiyankhulana." Anaimbira msuweni wake, foni inangoitana. Anadziuza kuti onse ali kutchalitchi.

Iye sanapite kutchalitchi. A Tereza anapita okha, foni ili kukhutu potuluka pakhomo, akuyankhula motsitsa. Alinane anathamangira kumasitolo a pakati pa tauni, nagula mapilo awiri aja okweza msana, masokosi ofewa osafinya, ndi malaya oyera a saizi yaikulu, oti akwane munthu wotupa. Pobwerera m'basi ankawerengera m'mutu: sitima ya ku Manchester, ndege, kusintha ndege, Chileka, galimoto ya ku Luchenza. Lachiwiri masana adzakhala atafika. Munthu amene wapirira miyezi yonseyi sangalephere kudikira mpaka Lachiwiri.

Anali pabalaza, sutikesi ili yasa pa sofa, akulimbana ndi mapilo okana kulowa, pamene anamva galimoto ikuima panja. Nthawi yoweruka kutchalitchi inali isanakwane. Anasuzumira pawindo. A Tereza anatsika, kenako amayi ena awiri a mumpingo, kenako a Mubita, mkulu wa mpingo, wochokera ku Zambia, amene anali asanapondepo pakhomopo. Amayiwo anaima m'mbali mwa msewu, m'kamvula kowaza, natulutsa zitenje m'zikwama zawo n'kuzimanga pamwamba pa madiresi a Lamulungu.

Analowa osagogoda, osapereka moni. Anavula nsapato pakhomo. Alinane anachotsa sutikesi pa sofa mofulumira.

"Khalani apa, anti. Pepani pabalalika, ndikulongedza."

Palibe anayang'ana sofayo. Amayi atatu aja anadutsa mipando yonse, nakhala pansi pa kapeti, atatsamira khoma, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo. A Mubita anaima pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

Alinane anatola malaya oyera aja n'kuyamba kuwapinda. Anawapinda bwino, manja kumbuyo, kolala pamwamba.

"Ndege ndi ya mawa, anti," anatero. "Mawa lomweli m'mawa. Ndagula kale."

"Tikudziwa, mwanawe," anatero a Tereza, n'kusasa kapeti pambali pawo ndi chikhato. "Siya malayawo. Bwera ukhale pansi."